Matchanelo Anayi Amene Munabisa

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga mwana, chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo. Sindinena kuti tili bwino, chifukwa dzulo ndinanama bodza lokwana chaka chonse.

Dzulo kunacha kouma, mphepo ikukokera mapepala m'ngalande n'kumamenyetsa chitseko cha bafa chija munasiya osakonza. Ndinali nditavala kale yunifolomu pamene ndinamva kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto, kenako yachiwiri, kenako yachitatu. Galimoto zitatu sizitulukira moto wa zinyalala. Kumbali ya mafakitale kunali utsi wakuda bii, ndipo munthu wina wa panjinga anadutsa akukuwa kuti ikupsa ndi fakitale ya matiresi. Bambo anali pa shifiti ya m'mawa ku siteshoni ya ozimitsa moto.

Zimene zimachitika pakhomo pano zikatero mukuzidziwa, poti munaziyambitsa ndinu. Amayi anandilanda chikwama cha mabuku n'kunena kuti sukulu siithawa. Posakhalitsa mayi a mapasa, a nyumba yoyandikana nafe, analowa m'khichini osagogoda, thovu la sopo lili m'manja, paja amuna awo ali gulu limodzi ndi bambo. Onse awiri anakhala pansi maso ali pamwamba pa firiji, pamene pamakhala kawailesi kanu komvera mauthenga a ozimitsa moto.

Sipika yake inafa kalekale, ndipo inu munati zilibe kanthu, tizimvera pa tabuleti kudzera mu apu ija. Ndinayatsa tabuleti. Apu inati ikufunafuna wailesi, kagudumu n'kumangozungulira. Wailesi ili pomwepo, pamphuno pake, koma ati ikuifunafuna!

Ndinazimitsa zonse ziwiri n'kuyatsanso. Ndinazula chingwe n'kuwerenga mpaka khumi monga munandiphunzitsira. Kenako ndinapeza kuti tabuleti inalandira apudeti yokha Lachiwiri n'kuiwala wailesi. Nditati ndizilumikizenso pa bulutufu, inafuna nambala yachinsinsi. Ndinayesa maziro anayi, ndinayesa chaka chimene munabadwa, ndinayesa chaka cha ukwati wanu. Nditalakwa kachitatu inadzitseka kwa theka la ola.

Ndinakuimbirani kasanu ndi kawiri, achimwene. Mameseji anga munawawerenga, ndinaona timizere tija titasintha mtundu. Yankho lanu linafika madzulo, kachithunzi ka chala chachikulu. Chala chimenecho muchisunge, kuno sitinachigwiritse ntchito.

Mayi a mapasa anayamba kundigemula kuti nthawi idutse. Ankanditcha injiniya wa mabatani. Anati ana a masiku ano foni timaidziwa pojambula milomo basi, ndipo ngati zandikanika akatenge mapasa ku sukulu ya mkaka adzandithandize. Amayi sanaseke. Ankangopukuta kapu imodzimodzi.

Ndinaganiza zoika apuyo pa foni yanga. Nditatembenuza wailesi kuti ndione dzina lake, pansi pake ndinapeza kapepala komata, manambala anayi olembedwa ndi dzanja lanu la nkhanu lija. Zaka ziwiri zonsezi osandiuza! Tabuleti inali idakali yotseka, choncho ndinatuluka ndi foni n'kukakhala kuseri, pansi pa zenera la khichini pamene bulutufu imafikabe, mahedifoni ali m'makutu. Ndinafuna ndiyese kaye ndekha ndisanawaike mtima m'mwamba pachabe.

Inalumikiza nthawi yomweyo. Koma tamverani. Pa tabuleti timaona tchanelo chimodzi chokha, cha mayi wa ku ofesi uja amene amatumiza magalimoto ndi mawu ozizira ngati akulengeza za nyengo. Pa foni panatuluka matchanelo asanu. Anayi enawo munawabisa inu. Musakane, ndinapeza pamene mumachonga kuti asaoneke.

Ndinatsegula chachiwiri. Mmenemo ndi mmene amalankhulirana eni akewo ali m'kati mwa moto, ndipo ngakhale kupuma kwawo kumamveka. Ndinamva bambo akutsokomola, akuitana Seveni kuti ayankhe. Seveni ndi bambo a mapasa, nambalayo ili pa jekete limene amayanika pa mpanda. Bambo anaitana kanayi. Wina anakuwa kuti denga la kumbuyo lagwa. Patapita nthawi, mawu amene sindikuwadziwa ananena kuti amupeza, ndipo wa ambulansi asavutike kuthamanga.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, koma mawu amenewo sanafune wondimasulira.

Pamwamba pa mutu wanga, pa zenera, mayi a mapasa ankauza amayi kuti mwamuna wawo akabwera aona polekera, chifukwa wasiyanso masokosi onunkha pansi pa pilo.

Tsono nachi chimene ndalembera kalatayi. Ndinalowa m'nyumba, anandifunsa ngati zatheka, ine ndinati ayi. Tabuleti itatseguka, nambala ndinali nayo m'mutu, koma ndinalemba yolakwika dala mpaka inadzitsekanso. Ndinkaopa kuti ngakhale mayi wa ku ofesi uja angaitchule nkhaniyo. Ndinachita zimenezi kwa maola awiri, ndili chiweramire, ndikudina galasi ngati munthu wotanganidwa.

Chimene chikundidya kwambiri ndi amayi. Ine ndinkadziwa kuti bambo ali moyo. Mawu amodzi okha akanawakhazika mtima pansi. Koma ndikanangoti bambo ndawamva, mayi a mapasa akanafunsa kuti nanga anga? Ndiye ndinawasiya amayi anga akupukutabe kapu ija mpaka inawapulumuka n'kusweka. Anandikalipira kuti ndine wopanda ntchito, kuti mukanakhalapo inu bwenzi zitatheka kalekale. Amene anandiikira kumbuyo ndi mayi a mapasa. Anati musiyeni mwana wayesetsa, n'kupisa m'thumba, kundipatsa siwiti imene anasungira ana awo. Ndinailandira, achimwene. Ndinathokozanso.

Inu munkadziwa zimene zimamveka mmenemo, n'chifukwa chake munabisa. Munamva chiyani, ndipo liti? Munandisiyira wailesi, chaja ndi bokosi lake, koma chenjezo munapita nalo. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma anu agonera bwanji poti simunawanene n'komwe? Mukanangondikokera pambali tsiku lonyamuka lija n'kundiuza kuti mng'ono wanga, umu usatsegulemo, kapena ukatsegula uchite chakuti. M'malo mwake munandiuza kuti ndizipukuta fumbi pa mlongoti.

Munthu womufunsa ndilibe. Kusukulu mukudziwa kuti ndimakhala ndekha pa benchi ya kumbuyo. Bambo amangokhala pa mpando kuyang'ana dzanja lawo.

Lero m'mawa tabuleti ndaikonza, sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Matchanelo anayi aja anaonekanso, ndipo ndawabisa monga munachitira inu. Pochonga timabokosi timeneto ndi pamene ndinakwiya nanu koposa, chifukwa ndinaona kuti dzanja langa likuchita zomwezo. Amayi anafunsa kuti zatheka bwanji lero, ndinati yangodzikonza yokha. Anayang'ana nthawi yaitali chingwe cha mahedifoni chimene chinkalendewera m'thumba langa, kenako anapitiriza kusesa.

Chonde imbani. Osati meseji, osati kachithunzi, ndimve mawu anu. Mundiuze ngati ndiwaululire amayi, ndipo mundiuze kuti mayi a mapasa ndiziwapatsa moni bwanji pa mpanda m'mawa uliwonse. Maliro ndi Loweruka. Ngati simubwera, chifukwa chake muwauze nokha amayi, ine sindikuphimbiraninso.

Mundiperekere moni kwa alamu, awa sanandilakwire. Mwanayo mumupsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni nonse, ndi inu nomwe, ngakhale lero ndikulemba zimenezi mano ali gwa.

Poti simunafunse, ndikuuzeni mmene a gulu la bambo anabwerera. Bambo anafika cha m'ma 1 koloko masana pa galimoto ya kuntchito, dzanja lamanzere lili m'bandeji, nsidze zitapsa. Anatsika limodzi ndi mkulu wa siteshoni, amene ananyamula chipewa chake m'manja. Sanalowe pathu. Anapita kukagogoda pa nyumba yoyandikana nafe, pamene mwini wake anali m'khichini mwathu, akuwaona pa zenera. Woyendetsa galimoto yawo anabwerera kwawo madzulo. Awiri a m'gulu lawo akadali kuchipatala, akuti atuluka. Mapasa anakawatenga amayi ku sukulu ya mkaka, ndipo akugona m'chipinda chanu. Seveni sanabwere.

Ndine,
Mng'ono wanu