Udzu Umene Bambo Anatchetcha

Lachinayi, 12 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndilibe vuto. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu amandithawa, komanso bambo amakhala ali pafupi.

Za ntchito yanga yakudambo sindinakufotokozereni bwino. Timasamala tiagulugufe tating'ono tabuluu, timene akuti m'dera lonse lino tatsala pamalo amodzi okhawa. Tiagulugufeti timaikira mazira pa kachitsamba kamtundu umodzi, komera pansi pa udzu wautali. N'chifukwa chake sititchetcha dambo lonse nthawi imodzi. Mbali ina timaisiya yowirira mpaka timbozi titakula. Ine ndimayenda chogwada, kutembenuza tsamba lililonse, ndipo ndikapeza dzira ndimazika kamtengo pambali pake. Dziralo n'laling'ono ngati kamchenga.

Wotchetcha wathu atasiya ntchito, ndinalimba mtima n'kupempha mayi otiyang'anira, amene timangowatchula a Magalasi, kuti alembe bambo. Mukudziwa mmene bambo anakhalira chimwalirire mayi, kumangoyang'ana khoma. Tsiku limene anawalemba ananola chikwakwa akuimba mluzu. Ankandiseka m'njira kuti tsopano ndine bwana wawo, andinyamulire chikwama.

Sabata yatha kunkabwera alendo odzaona malowo. A Magalasi popita kukawatenga anandiuza kuti ndiwauze bambo alambule m'mbali mwa njira mokha, kumtunda asakhudzeko. Achemwali, mwana amawalamula bwanji bambo ake? Ndinaima pambali pawo, manja kumbuyo, n'kunena kuti mwina kumtunda angokusiya, asadzivutitse. Iwo anaseka.

"Iwe wandiona ngati nkhalamba eti? Msana uwu ukadalipo."

Nanenso ndinaseka, poganiza kuti amva. Ndinalowa m'chipinda kukatsuka mabokosi aukonde amene timalereramo timbozi.

Potuluka ndinapeza dambo lonse lili mbee, ngati bwalo la sukulu. Udzu anauunjika bwinobwino kumpanda. Timitengo tanga tonse anatizula, n'kutimanga mtolo ndi chingwe, n'kutiika pakhomo kuti ndisatitaye. Iwo anali ataima pamenepo, thukuta lili kamukamu, chipewa m'manja, kudikira kuti ndiwayamike. Anati sakanalola kuti alendo apeze tchire pamalo pamene mwana wawo akugwira ntchito.

A Magalasi atafika sanakalipe. Anakhala pansi pomwepo, alendo akuona, n'kuvula magalasi awo. Kenako anawafotokozera bambo mwaulemu kuti mazira a chaka chino anali mu udzu umenewo, ndipo sakudziwa ngati chaka chamawa kudzauluka kanthu. Anawauza kuti ayambe apuma kunyumba. Ine sanandichotse. Ndinawauza a Magalasiwo kuti wolakwa ndine, sindinanene momveka, koma anangondigwira paphewa. Bwenzi atandikalipira, mwina ndikanapepukidwa.

Bambo sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Chimene akuchita ndi ichi. M'mawa uliwonse amanditsatira chapatali, mlonda amawatsekulira mwachisoni, ndipo amakakhala pa mulu wa udzu uja n'kumaupatula umodziumodzi. Maso awo mukuwadziwa, ngakhale ulusi salowetsa pa singano. Lolemba anabwera pawindo la chipinda chathu atanyamula kachitini, m'kati atayalamo thonje, pamwamba pake timasamba touma.

"Mayi, taonani. Awa si omwewo?"

Chibadwire sanandiitanepo choncho. Ndinayang'ana ndi galasi lathu lokulitsa zinthu. Awiri anali mazira ndithu, koma ofota, opsa ndi dzuwa. Zinazo zinali njere za udzu. Ndinati zikomo, ndikaika m'bokosi. Ndinaikadi, ndipo ndimawazamo timadzi monga ndimachitira ndi amoyo. A Magalasi anasuzumiramo dzulo, anandiyang'ana, n'kutseka.

Tsopano madzulo alionse tikamabwerera amandifunsa ngati aswa. Ndimayankha kuti kukuzizira, amachedwa. Iwo amagwedeza mutu n'kunena kuti zinthu zazing'ono zimafuna kudekha. Akudyako pang'ono chifukwa cha chiyembekezo cha kachitini kameneko. Ndikawauza zoona ndikuopa kuti abwerera kukhoma kuja, ndipo nthawi ino ndi ine ndidzakhala ndawakhazikako. Koma kuzizira kudzatha, achemwali, ndipo sindikudziwa chimene ndidzanene.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Mukaimba foni musawafunse za ntchito, chifukwa adzakuuzani kuti ikuyenda bwino ndipo pambuyo pake sadzagona. Chachiwiri, ngati alamu angalole, bwerani ngakhale masiku ochepa. Inu mumatha kulankhula nawo mowayang'ana m'maso. Ndikufuna tidzawauze tili awiri, inu mukulankhula, ine nditakhala pafupi.

Mundiperekere moni kwa alamu. Kamtsikana kanu mukauze kuti diresi lija ndamaliza kupinda, latsala mabatani. Bambo andipeza ndikulemba ndipo akupereka moni kwa nonse. Akuti muwauze adzukulu awo kuti akadzabwera adzawatengera kudambo, akaone agulugufe amene agogo awo anapulumutsa. Aima pano mpaka ndilembe, ndiye ndalemba monga anenera.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Chitsiriza