Mbali Yako ya Bulangete

Msuweni,

Akuti ukuuza anthu kumeneko kuti ndikulira chichokereni iwe? Bodza limenelo. Ine ndili bwino, upereke moni kwa azakhali. Bedi lonse ndi langa, palibe wondigunda ndi chigongono. Ndikaweruka ndimakhala pawindo kuonerera magalimoto ngati bwana, kwaulere.

Kochapa zovala kuja ntchito ikuyenda. Mabulangete tinkapinda tili awiri aja, pano mbali yako ndimaipanikiza pachitseko. Chitsekocho chimakuposa, sichidandaula msana. Kungoti nthabwala zanga sichiseka. Pamalo pako sanalembepo munthu, ndimawauza abwana kuti ukubwera sabata yamawa. Kaya ndikunama, ukudziwa ndiwe.

Ndine msuweni wako wokongola uja.

Ndikanaiwala, dzulo abwana anandipeza ndikucheza ndi chitsekocho. Anangoti, "Mwana iwe, Loweruka ndilemba wina. Umuuze mnzakoyo."