Yambani ndi Zimene Mwana Wakhoza

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira miyendo ija yaleka kuvuta. Kuno mvula yagwa kasanu mwezi uno.

Abusa athu akale aja tawaika m'manda Lachiwiri. Tinalipo anthu 214, ndinawerenga kawiri. Abusawa ndiwo anandikonza pa uphunzitsi wanga. Tsiku lina anandipeza ndikuchonga makope a masamu, tsamba lililonse lili psuu ndi inki yofiira. Anati, "Aphunzitsi, Mulungu atamachonga chonchi, angakhoze ndani? Yambani kuwerenga zimene mwana wakhoza." Ndinakwiya masiku anayi, kenako ndinayesa. Pa zaka 26 zotsatira, ana anasiya kundibisira makope.

Koma nzeruyi ndinkaisiya kusukulu. Kunyumba, mwana wanga wamkazi ndinkamuwerengera zolakwa zokhazokha, ngakhale pa tsiku la ukwati wake. Papita zaka zisanu ndi zinayi ndi miyezi iwiri tisanalankhulane.

Ndamva kuti mumakumana naye kumsika. Chonde musamukakamize. Mungomuuza kuti ndikulemba zabwino zake m'kope, ndipo ndafika pa 37. Ndikadakonda kumuwerengera ndekha, pamaso. Adokotala akuti zinthu zotere ndisamazengereze nazo, koma zimenezo musamuuze.

Ndine msuweni wanu wokukumbukani.