Mlendo wa Ababa

Bairro Mateus Sansão Muthemba,
Tete.
12 Novembro 2023

Okondedwa achemwali Amélia,

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, chifukwa m'katimu simukukhalika. Inu ku Ulóngweko mumafundabe usiku, ife kuno malata akuwotcha ngati chiwaya.

Nkhani ndi ya Ababa. Chikomokereni pakhonde mwezi wathawu, ndayesa njira zonse kuti abwere kwanuko mpaka kutenthaku kuphwe. Ndanyengerera, ndakalipa, ndawaopseza ndi mawu a anamwino. Yankho ndi lomwe lija: "Nyumbayi ndinamanga ndi mayi anu, ndiisiyire ndani?" Mutu umenewu mumaudziwa bwino, paja nanunso munatengera.

Tsopano imvani zimene zachitika. Kunabwera anthu a ku univesidade amene akufufuza za kutentha kwa m'nyumba zathu. Anaitanitsa msonkhano m'bairo muno, n'kupempha mabanja oti asunge timabokosi toyeza kutentha, tating'ono ngati sopo. Ababa, amene sapita kumsonkhano uliwonse chimwalirireni Amayi, ndiwo anayamba kukweza dzanja. Anthuwo anapachika kamodzi pamsomali kuchipinda kwawo, n'kutiuza kuti tisamakagwire.

Patapita masabata angapo, mtsogoleri wawo, Dotora Felismina, anabwera ali odabwa. Akuti nyumba yathu ndiyo ikuoneka yozizira kuposa zonse, kuposa ngakhale za m'mbali mwa Zambezi. Ine ndimakhala kumsika tsiku lonse, sindinkadziwa kanthu. Titalowa kuchipinda tinapeza msomali uli wokha. Kabokosiko kanali pambale kuseri kwa mtsuko wa madzi, mtsukowo atauphimba ndi chitenje chonyowa cha Amayi.

"Bambo, mwakachotseranji pakhoma?" anafunsa Dotora.

"Mwana wa eni ake, ndimuphe ndi moto uwu? Mlendo ndi mame, mayi. Masana ndimamusamutsa, dzuwa likapepa ndimamubwezera pamalo pake."

Achemwali, ndinaseka, kenako chisoni chinandigwira. Munthu anakomoka ndi kutentha, koma malo okhawo ozizira m'nyumba muno wapatsa kabokosi. Ndipamene ndinazindikira kuti chichokereni Amayi, manja awo akusowa woti azimusamala.

Dotora sanawaseke. Anakhala nawo pamphasa n'kuwafotokozera kuti ntchito ya mlendoyo ndi kumva zimene iwo akumva. "Mukamubisa, akanena kwa akuluakulu kuti anthu a kuno akukhala bwino. Musiyeni apse nanu limodzi kuti akakhale mboni yanu." Ababa anavomera, ngakhale monyinyirika.

Lachinayi lapitali Dotora anabweranso, n'kuwaonetsa pa telefoni mzere wokwera ngati phiri. Masana chipinda chija chimapitirira magrau makumi anayi. Ababa anayang'anitsitsa osayankhula. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti mkazi wanga ankagona m'moto wotere akudwala?" Palibe anayankha. Ine ndinatuluka panja.

Nditabwerera, ndinamva Dotora akunena kuti akusowanso nyumba zakumtunda, ku Angónia, zoti ayerekeze ndi za kuno. Sindinawapangire, ndikulumbira. Kaya anangoona okha, kaya zinangokumana. Ababa anati, "Ndili ndi mwana ku Ulóngwe. Koma musapereke kwa anyamata a shapa, amaponya katundu. Ndikamuperekeza ndekha."

Choncho Loweruka akubwera, ali ndi kabokosi kena m'thumba la malaya. Iwo akuti akangokhala masiku ochepa. Ine ndalongedza zovala zawo zonse, ndipo mankhwala a mpaka Janeiro ndawabisa pansi pa chikwama. Chonde khomani msomali kuchipinda chimene azidzagona, ndipo musadzanene kuti mwapambana. Mudzalandire mlendoyo kaye, iwo adzakhazikika okha. Alamu asadzawaseke akamamva akucheza naye.

Ine ndili bwino. Ndine ndinalimbana kuti apite, koma dzulo ndikupinda malaya awo misozi inangoyamba kutsika. Ababa anandipeza, anakhala pambali panga, n'kundiuza kuti apempha Dotora kuti kabokosi ka kuno kasachotsedwe. "Ukamabwera kumsika uzimupatsa moni," anatero. "Sindikufuna uzilowa m'nyumba mopanda munthu."

Moni kwa alamu ndi ana onse. Ababa muzidzawapatsa madzi ngakhale akane. Akadzayamba kunena zobwerera mvula isanakhazikike, mudzawauze kuti ine ndi mlendo tikukhala bwino, ngakhale mutamva mawu anga akunjenjemera pa telefoni.

Ndine mng'ono wanu,
Otília