Kwatsala Maso a Amayi Ako

14 Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga,

Ine ndili bwino, kungoti timano tinatsala tija tayamba kukambirana zosamuka. Amayi ako akupereka moni. Masiku ano ali chigonere, akuchipatala anawabweza kuti azikapumula kunyumba. Zaka zonsezi ine ndimawauza zomwezo, koma kuti amve anadikira munthu wovala gawuni yoyera.

Ukuwakumbukira a Chipewa, eni malo odyera aja ndinawajambulira nsomba pakhoma anthu n'kumati ndi ndege? Anandipatsa ntchito yojambula nkhope yawo kuti aikoleke pamwamba pa kauntala. Amayi ako atadwala, ndinasiya kujambula, burashi n'kuuma gwa. Ndinawatumizira mawu kuti apeze wina.

M'malo mwake anatulukira okha atanyamula utoto, nsalu yojambulapo ndi mpando wawo.

Ndinati, "Bwana, nkhope yanu sindiitha pano."

Iwo anati, "Nkhope yangayi inaipa kalekale, idikira. Jambulani mayiwa."

Ukudziwa kuti amayi ako sanandilolepo kuwajambula. Ukawakhazika pampando, mwina kukhitchini kwapserera, mwina zovala zikunyowa panja, basi adzuka. Tsopano akukhala phee, ndipo kukhala phee kumeneku sikukundisangalatsa.

A Chipewa amabwera masana aliwonse, kusiya makasitomala, n'kukhala kumiyendo kwa bedi kumanena mabodza kuti amayi ako aseke, ine ndijambule mlomo wawo ukuseka. Dzulo amayi ako anasuzumira pansalupo nati, "Bambo a mwana, mwandichotsera makwinya. Bwezerani, ndinawavutikira." Ndabwezera onse, ngakhale aja anabwera chifukwa cha ine.

Chithunzi chatha, kwangotsala maso. A Chipewa nthabwala zawathera, ine ndafufuta n'kuyambanso, koma maso ndikufunawo sakutuluka. Ndi aja amayang'ana nawo kuchitseko iwe ukamalowa ndi chikwama. Amenewo sindingawapeke pamutu.

Usachite mantha, koma utoto ndasakanizawu suchedwa kuuma. Ukapemphe tchuthi kwa abwana ako sabata yomwe ino, usadikire kutha kwa mwezi.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga ndi tizidzukulu, uwauze kuti agogo awo akadali mnyamata. Amayi ako ati ndisakuuze kanthu, ndiye ine sindinakuuze kanthu. Ndangokuuza za utoto.

Ndine bambo ako,
Wojambula nsomba zouluka