Mpaka Anapiye a Zinkhwe Auluke

San Ignacio de Velasco
Mwezi wa Okutobala

Okondedwa achimwene anga a Nicanor,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Fermina ndi mwana wathu Yesenia. Msana uja unkakuvutani m'minda ya mandimu uli bwanji? Kuno tilipo, kudzuka tikudzuka. Amayi akutsokomolabe chifukwa cha utsi, koma kudya akudya, ndipo dzulo anandikalipira kuti mpunga wanga wachepa mchere, ndiye mudziwe kuti mphamvu zikadalimo.

Ndalemba papepala chifukwa foni yanga simukuyankha. Kalatayi ndapatsira Clotilde, mnansi wathu uja akubwerera kuntchito kwanuko ku Murcia, kutsidya kwa nyanja. Sindikukudzudzulani ayi. Chimene mukuthawa ndachidziwa, koma mundilole ndiyambire poyambira.

Makina akale aja osindikizira, amene bambo a kunyumba kuno a Rosendo anawatola kuparishi atatsala pang'ono kutayidwa, akadali m'chipinda chakuseri. Ine ndimasema zithunzi pamatabwa, iwo amapaka inki ndi kupukusa gudumu, kenako timasoka timabukuto ndi singano patebulo lodyera. Tonse ndi ta nyama zakuno. Kalipo ka tatú, kanyama kachigoba kaja munkasaka muli mnyamata, kalipo ka kambuku, ndi kena ka chinyama chodya nyerere, chimene Yesenia anati mchira wake ukunga tsache. A Rosendo amandiseka kuti owerenga anga okhulupirika ndi chiswe ndi mphemvu. Komabe aphunzitsi a m'midzi amabwera kudzatenga, ndipo ndinaonapo ana akukanganirana kabuku kothothoka masamba.

Chaka chino ndinayamba buku la zinkhwe ziwiri zofiira zimene zimaswera m'phanga la mtengo waukulu wa tajibo, m'gawo lanu la nkhalango imene anatisiyira malemu bambo. Ndinkapita kukakhala pansi pa mtengowo mpaka zinandizolowera, n'kusiya kundilalatira.

Mu Seputembala moto unabwera kuchokera kumafamu a ng'ombe. Za utsiwo munaziona pafoni, koma fungo lake simungalidziwe. Phulusa linkagwa pazovala zoyanika, m'mbale, pamapepala athu. Sukulu zinatseka. Titamva kuti moto ukulowera kumalo a bambo, a Rosendo anasonkhanitsa amuna a m'mudzi, anatenga zikwanje, makasu ndi zigubu zamadzi, n'kukalambula njira yotchinga moto. Motowo unkalumpha, iwo n'kubwerera m'mbuyo kukalambulanso. Ataona kuti anthu ndi ochepa, ananditumizira mawu kuti nkhalango yonse sangaipulumutse, ndisankhe gawo limodzi. Ndinasankha lanu, chifukwa ndi kumene kuli mtengo uja ndi kamtsinje.

Gawo langa linapsa lonse. Lanu linatsala.

Tsiku lomaliza nthambi yoyaka inawagwera a Rosendo padzanja lamanja. Bala likupola, koma zala sizikupindika, ndipo adokotala akungoti tidikire tione. Gudumu la makina ndinayesa kulipukusa ndekha, zithunzi zinatuluka zotuwa ngati zachita manyazi.

Moto utazima ndinapita kukaona. Achimwene, nkhalango yanu inali ngati chilumba pakati pa phulusa, ndipo chamoyo chilichonse chinathawira mmenemo. Anyani anali mbwee m'mitengo, osachita phokoso. Pakamtsinje ndinapeza chinyama chodya nyerere chikuyendera m'zigongono chifukwa mapazi anapsa, mwana wake ali kumsana. Sindinachijambule, manja anakana. Koma nditafika pa tajibo ndinamva kulira kwa anapiye m'phanga muja, makolo awo akusinthana kuwabweretsera chakudya. Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga ngati mtsikana. A Rosendo atamva anakweza dzanja lawo lomangidwa nsalu n'kunena kuti basi, silinapite pachabe.

Sabata yatha ndinapitanso, ndipo ndinapeza mitengo ikuluikulu yonse yapakidwa utoto wofiira. Pamsewu panali galimoto ya a Gualberto, kapitawo wa kampani ya ng'ombe imene tachita nayo malire. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa ndi madzi ozizira. Nditawafunsa za utotowo anadabwa.

"Kodi achimwene anu sanakuuzeni? Malowa anatigulitsa mu Julaye."

Ndinakhala pansi pomwepo, paphulusa. Iwo anapitiriza kulankhula, mwina pofuna kundisangalatsa. Anati abwana awo akuthokoza kwambiri kuti tinateteza mitengoyo, chifukwa ikanapsa akanaluza matabwa abwino. Anati akadula yopakidwa utotoyo, kudzabwera makatapila awiri okoka tcheni chachikulu kudzagwetsa zotsala, mvula yoyamba ikangofewetsa nthaka. Anatinso mwana wawo wamkazi ali ndi kabuku kanga ka tatú, ndipo sagona asanamuwerengere.

Ndinawauza za anapiye, kuti alibe nthenga, sangauluke mpaka mu Febuluwale.

"Mayi, mbalame zili ndi mapiko. Zidzapeza mtengo wina, zidzaswanso."

"Mtengo wina uti, bambo? Tayang'anani uko."

Anayang'ana kumene ndinaloza, kuli mbee mpaka kumene maso amalekezera. Atalowa m'galimoto anatsitsa galasi n'kundiuza motsitsa mawu kuti pepala lomaliza loperekera malowo simunasainebe, likudikira inu ku ofesi ya kazembe kwanuko. Anati mwini wake wogulitsa atapempha kuti apereke malowo mu Febuluwale, mwina abwana angalole. Anabwereza mawu akuti mwina.

Kuwauza a Rosendo kunandivuta kuposa kumva. Ndinadikira amalize kudya. Anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati khofi watsala. Sanatukwane, sanakutchuleni n'komwe dzina. Kuyambira tsiku limenelo salowanso m'chipinda cha makina, ndipo nthabwala zawo zija zinatha. Amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Amuna amene anazima nawo moto akamadutsa, iwo amalowa m'nyumba.

Inenso matabwa a buku la zinkhwe ndinawakulunga m'nsalu. Dzana kunabwera mphunzitsi wina wachitsikana, atapalasa njinga mtunda wautali, kudzafunsa ngati bukulo latuluka, chifukwa ana ake akuliyembekezera. Ndinamuuza kuti mapepala atha. Mapepala alipo, achimwene. Chatha ndi china. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti mwana akakonda nyama papepala, akadzakula sadzaiotcha. Mwina n'zoona. Koma moto ukuthamanga kuposa mmene ana akukulira, ndipo ndayamba kuona ngati ndimangowakonzera anawa zithunzi zodzalirira. Amene ankawerenga kabuku kanga koyamba ndi anyamata tsopano, ndipo ena mwa iwo ndi amene akuyendetsa makatapila, chifukwa ntchito ina kuno kulibe. Akandiona amandipatsa moni mwaulemu.

Tsopano pempho langa. Sindikuti mubweze malonda. Malo ndi anu, bambo anagawa poyera, ndipo ndikudziwa mmene alamu anga avutikira ndi matenda awo, ndi mmene mwakhalira m'nyumba za eni zaka zonsezi. Ndikanakhala ine, sindikudziwa chimene ndikanachita. Chinandipweteka n'chakuti simunandiuze, koma nachonso ndachimeza.

Ndikungopempha kuti musanasaine, muwaimbire anthuwo, muwauze kuti malowo mudzapereka mu Febuluwale. Musawauze za mbalame, angakusekeni. Nenani chilichonse, nenani kuti mlongo wanu ndi wovuta, kapena kuti mapepala akuchedwa kwanuko. Ndikudziwa kuti anapiyewo akadzauluka sadzapeza kolowera. Ndaganizira zimenezo mpaka mutu kuwawa, ndipo yankho ndilibe. Koma kufa uli m'mwamba ndi kufera m'phanga mtengo ukugwa si chimodzimodzi. Ndipo ndikufuna a Rosendo adzaone ndi maso awo kanthu kamodzi kakutuluka kamoyo m'nkhalango imene anapseramo dzanja. Pamenepo mwina adzalowanso m'chipinda chija, ngakhale kudzangondiuza kuti inki yachuluka.

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo. Anthu onse kuno akupempherera mvula, ine ndekha ndikuiopa. Chonde musachedwe. Ngati kulankhula nane kukukulemerani, uzani Clotilde inde kapena ayi, iye adzandiuza.

Amayi sakudziwa kanthu, ndipo ndawapempha anansi kuti asawauze. Andipeza ndikulemba, afunsa ngati ndikulembera inu. Ndati inde, ndikungopereka moni. Ndiye akuti ndilembe mawu awo momwe awanenera, ndipo aima pambali panga mpaka ndilembe:

"Umuuze Nicanor asadere nkhawa. Nkhalango yake tamusungira. Akadzatopa ndi kwa eniko adzaipeza."

Ndalemba, ndipo apita kukagona pang'ono.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Fermina, muwauze kuti timawatchula m'mapemphero. Yesenia mumupsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito ndi tulo tabwino.

Ndine mlongo wanu,
Delmira