Mano M'kati

Lamlungu, 9 Juni

Ndilembe za Lachisanu lija ndisanaliiwale.

Ndinaweruka kushedi utuchi uli m'mutu. Mayi, akazi anga, ali pansi pabalaza, miyendo atatambalala, makatoni ali mbwee. Ankadula zigoba za kumaso za ana awo a Sitandade 2. Nkhope za nchima, anyani akuda aja otsala paphiri la kuseri kwa sukulu. Guluu wanga wa matabwa atamufikitsa pakati. Ndinadandaula. Iwo kuseka. "Amisiri, mipando ndi yambiri m'dziko muno. Nchima zatsala zowerengeka." Anandiveka chigoba chimodzi, amvekere chandikhala kuposa nkhope yanga.

Tinadya. Tinakangana pang'ono za pulayala wanga, amene ankamutenga Loweruka lililonse kukadulira misampha ya waya kuphiriko. Basi. Tsiku wamba.

Loweruka anakakhoma zigoba m'kalasi, n'kupita kuphiri. Anawapeza ndi amayi otola nkhuni, atafa kale. Bala la chikwanje pakhosi, lina padzanja lamanzere limene anatchingira. Pulayala ali chigwirire kumanja.

Lachitatu, 12 Juni

Apolisi amugwira. Mlenje uja wogulitsa tiana ta nchima m'mbali mwa msewu. Akuti sanakane. Akuti anangoti, "Anandithera waya."

Pulayala ali kupolisi ngati umboni.

Mlamu, mng'ono wa mayi, wafunsa za zovala. Ndati ziyambe zakhala.

Ndanola kasemasema mpaka kumeta ubweya wa pamkono. Chosema palibe.

Loweruka, 22 Juni

Ndinakafika kunyumba kwa mlenje. Kasemasema m'thumba. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwini wake ali m'chitokosi. Pakhomo agalu owonda, mkazi wake akuchapa, kamtsikana kovala yunifomu yong'ambika kakumuthirira madzi. Galu mmodzi anandithamangira. Ndinamutema kamodzi. Sanalire nthawi yaitali.

Kamtsikanako kanandiyang'ana, chidebe chili m'manja.

Ndasamba kawiri. Sindinadye.

Lachiwiri, 25 Juni

Ahedi anabwera kushedi. Akuti ndikatenge katundu wa mayi m'kalasi, ana sakuphunzira akamaona zigoba zili pakhoma.

Akutinso ana ayamba kugenda nchima. Alipo amene anawauza kuti madamu anafera anyani. Dzulo agwetsa imodzi pampanda wa sukulu, yaikazi, aiphwanya mutu ndi njerwa, aikoka pabwalo akuimba. Ana omwe aja mayi ankapita nawo m'mphepete mwa phiri, n'kukhala nawo chete mpaka nchima zitatsika m'mitengo.

Mayi ankati nchima ukaionetsa mano imayesa ndewu, ngakhale iwe ukumwetulira. Ndiye anali ndi lamulo lawo: "Pansi! Manja pamaondo! Mano m'kati!" Ankalinenanso kwa ine ndikapsa mtima ndi makasitomala.

Lachinayi, 27 Juni

Dzanja likupweteka, koma ndilemba.

Ndinafika kusukulu nthawi ya buleki. Aphunzitsi onse ali mu ofesi. Kuseri kwa kalasi phokoso. Ana atazungulira, ndodo m'manja, ena miyala. Pakati mwana atamuveka chigoba cha nchima, manja atamumanga ndi waya kumtengo wa mbendera yakale. "Nyani! Nyani! Bambo ako anapha madamu!" Magazi akutsika kunsi kwa chigoba, kudontha pa kolala.

Yunifomu yong'ambika ija. Ndinaidziwa.

Ndinaima. Ndilembe zoona: ndinaima, ndipo m'mimba mwanga munali china chimene chinkati, mmenyeni. Mwala unamupeza pakhutu. Sanakuwe. Chigoba chinapendekeka, chomwe chija anandiveka mayi, guluu wanga akuonekera m'mbali.

Mawu anatuluka okha. "Pansi! Manja pamaondo! Mano m'kati!"

Onse pansi, nthawi imodzi, ngati awadula miyendo. Ndodo zili gwa, gwa. Kamnyamata kena kanatembenuka kuyang'ana kukhomo la kalasi, kuyesa madamu abwera. Kenaka kulira kunayamba, mmodzi, onse.

Waya ndinamasula ndi zala. Wandicheka mpaka mnofu woyera. Nditachotsa chigoba mwanayo anandiluma pachala chachikulu, osasiya. Sindinachotse dzanja. Atasiya anati, "Munapha galu wathu."

Ndinati eya.

Katundu sindinatenge.

Lolemba, 8 Julayi

Kusukulu ndapitako katatu tsopano, ahedi anavomera. Ndimakhala pakampando ka mayi, maondo kufika pachifuwa. Sindine mphunzitsi, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndimangonena zimene ndinkamva pabalaza pano. Kuti nchima imabereka mwana mmodzi, n'kumuyamwitsa nthawi yaitali. Kuti ukapha yaikazi wapha awiri. Kuti zikatha paphiripa palibe sitolo yokagulako zina.

Wina anafunsa ngati nchima zikudziwa kuti madamu anamwalira. Ndinati sindikudziwa. Wina anati, "Amisiri, inu mano anu ali panja." Anaseka. Inenso pang'ono.

Tinakwirira nchima ija anaipha, zotsala zake. Amene anaponya njerwa ndiye anakumba.

Malo a mwana wa mlenje ali opanda munthu.

Oda ya mipando yachedwa. Mwini wake walalata. Alalate.

Loweruka, 20 Julayi

Zovala ndapereka kwa mlamu, zonse, ndi nsapato za kutchalitchi. Analira, ine ndinatuluka panja. Mabuku a zithunzi za nyama ndasiya kwa ahedi. Zigoba ndamata zong'ambika, ndazikhomera thabwa lake m'kalasi. Cha magazi chija ndatentha.

Pulayala apolisi abweza dzulo, m'kapepala. Sindinamutsegule. Anagona patebulo pamodzi ndi majombo a mayi, zokhazo zotsala.

M'mawa uno kugogoda. Mwana wa mlenje, khutu lili ndi bandeji yakuda. Mayi ake ataima kumsewu, nkhope atayang'ana kumbali. Mwanayo sanandipatse moni. Anati, "Misampha ina ikadalipo. Ndinkawanyamulira waya. Ndikudziwa pamene ili."

Analibe nsapato. Kuphiri kuli minga.

Ndaika nsanza kutsogolo kwa majombo kuti amukwane. Akumufika m'maondo. Pulayala wanyamula yekha, ndi manja awiri.

Akundidikira panja, iye ndi mayi ake. Kasemasema ndamusiya.